Za mlamba wopita ku Chipata, musagule nkholokolo osadziwa

Achemwali mwafunsa kuti geni ya nsomba zouma zopita nazo ku Zambia imayenda bwanji, ndiye ine ndiyambira pa nsombayo osati pa boda, chifukwa ambiri ndalama amaluzira pooda pomwepo.

Nsomba za ndevu zikawambidwa zonse zimada bii, koma mtengo wake ndi wosiyana. Mlamba mutu wake ndi wophwatalala, chipsepse chapamsana ndi chachitali mpaka kukafika kumchira, mchirawo wozungulira, ndipo nthawi zambiri amaupinda ngati nkhata. Kampango mchira wake ndi wa mphanda ndipo ndi amene amadula. Vuto lili pa nkholokolo, nayo mchira ndi wa mphanda ndiye ena amaisakaniza mkati mwa mulu nkumati ndi ana a kampango. Itembenuzeni muone, kamwa yake ili kunsi, ndevu zam'munsi zili ndi tinthambi, thupi ndi la madonthomadontho ngati utsi sunaidetse kwambiri, ndipo siikula ayi, yambiri siposa chikhatho. Koma chachikulu ndi minga zitatu zija, imodzi pamsana ziwiri m'mbali, zolimba zokhala ndi timano, ikazitambasula sizipindikanso. Osapisa dzanja mu dengu mwachisawawa, ikakubayani mumva kuwawa tsiku lonse. Kukoma imakoma ndithu makamaka ya mafuta ija, kungoti muigule pa mtengo wa nkholokolo basi, ndipo muiike mu katoni kapena dengu chifukwa thumba imaboola komanso imaphwanya zinzake.

Mlamba wambiri timaoda ku Kachulu ku nyanja ya Chilwa kapena wochokera ku chigwa cha Shire. Thyolani imodzi muone mkati, ikakhala yofewa ikafika itachita nkhungu, ikamatuluka kafumbi ndiye kuti tizilombo talowamo kale.

Pa boda ya Mchinji-Mwami pano ndi malo amodzi, a msonkho a ku Malawi (MRA) ndi a ku Zambia (ZRA) mumathana nawo pompo. Katundu wosapitirira madola 2000 a ku America pali njira ya COMESA ya ochita malonda ang'onoang'ono ija amati STR, pitani pa desiki yawo akuuzeni ngati katundu wanu ali pa mndandanda, komanso mapepala a ku Fisheries mukonzeretu musanakwere galimoto. Anyamata onena kuti akudutsitsani njira zachidule asiyeni, katundu akagwidwa iwo amathawa. Ndipo musanatchule mtengo ku Chipata funsani kaye kuti kwacha ya Zambia ikusinthidwa bwanji tsiku limenelo, muwonkhetsenso transipoti ndi nsomba zophwanyika.