Chifukwa chiyani mu Kai Po Che! anafa ndi Ishaan?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina ku Zomba. Akuti mwana wa mchemwali wawo anawaikira mu foni filimu ya ku India yotchedwa Kai Po Che!, iwo n'kuionera usiku wina magetsi atathima, mawu achingerezi akuyenda mmunsi. Funso lawo ndilifupikitse chonchi. Kiriketi saidziwa n'komwe, koma filimuyo inawagwetsa misozi. Amva kuti inachokera m'buku, ndiye akufuna kudziwa ngati zimene anaonazo zinachitikadi, ngati bukulo n'loyenera kulisaka, komanso chifukwa chake mnyamata amene iwo anamukonda kwambiri ndi amene anafa kumapeto.

Achemwali, ndakumvani. Ena nonse amene simunaionere, dziwani kuti pano ndiulula mathero, musadzati sindinanene.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa ambiri amangolidutsa. Si Chihindi, ngakhale anthu a m'filimumo amalankhula Chihindi. Ndi Chigujarati, chilankhulo cha m'dera la Gujarat kumadzulo kwa India, komwenso kunachokera makolo a amwenye ambiri a mashopu ku Limbe ndi ku Lilongwe. Pa 14 Januwale chaka chilichonse kumakhala chikondwerero cha Uttarayan, ndipo mumzinda wa Ahmedabad anthu amakwera pamadenga kukaulutsa makaiti. Ulusi wake amaupaka magalasi opera, amautcha manja, n'cholinga choti ukakolana m'mwamba ndi wa mnzako uudule. Ukaudula, kaiti yake n'kuyamba kupepeluka, umakuwa kuti kai po che, kutanthauza kuti ndaidula. Ndi mfuu ya chisangalalo, koma mumadula ulusi wa munthu amene mwakhala naye padenga limodzi kapena loyandikana. Mukamaliza kuonera filimuyo dzinali limayamba kuwawa.

Filimuyi inatuluka mu Febuluwale 2013. Anaiwongolera ndi Abhishek Kapoor, ndipo isanafike m'nyumba zoonetsera mafilimu ku India inakaonetsedwa kaye pa chionetsero cha mafilimu cha ku Berlin. Buku lake ndi The 3 Mistakes of My Life, limene Chetan Bhagat analitulutsa mu 2008. Ngati munaonerapo 3 Idiots, nayonso inachokera m'buku la bambo yemweyu. Bhagat anaphunzirako ku Ahmedabad, choncho mzindawo, mmene nkhaniyi ikuchitikira, ankaudziwa.

Ndiye zinachitikadi? Anyamata atatu aja, Govind wokonda kuwerengera ndalama, Omi mwana wa wansembe wa pakachisi wa Chihindu, ndi Ishaan wa kiriketi, ndi opeka. Ali, kamnyamata kachisilamu kamene Ishaan anakapeza kakumenya mpira ngati kali ndi mankhwala, nakonso n'kopeka. Koma zinthu zitatu zimene zinawagwera ndi mbiri yeniyeni ya India.

Choyamba ndi chivomezi cha pa 26 Januwale 2001, tsiku la tchuthi cha dziko, m'mawa. Chinayambira kufupi ndi tauni ya Bhuj, ndipo chinapha anthu oposa 13,000, ena amati anafika 20,000. Ahmedabad ili kutali ndithu ndi Bhuj koma nyumba zosanjikizana zinagwa kumenekonso. M'filimu ndi pamene chinyumba chatsopano cha mashopu, mmene Govind anathiramo ndalama zonse kuphatikizapo zangongole, chinasanduka mulu wa zidutswa za konkire. Kumbukirani nkhope ya Rajkummar Rao, amene anasewera Govind, atangoima kukamwa yasa. Aliyense amene anatengapo ngongole n'kuonjola katundu amene sanagulitseko n'kamodzi komwe akuidziwa nkhope imeneyo.

Chachiwiri ndi masewera aja munaona anthu ataunjikana pa TV, kenako n'kuthamangira mumsewu. Pamenepa ndichedwepo pang'ono, poti mwati kiriketi simuidziwa. Pali mtundu wa masewerawa wotchedwa Test umene umatenga masiku asanu, timu iliyonse imamenya mpira maulendo awiri, ndipo mapointi ake amati ma run. Mu Malichi 2001 Australia inafika ku bwalo la Eden Gardens mumzinda wa Kolkata itapambana masewera a Test 16 motsatizana. Inapeza ma run 445, India n'kungopeza 171. Mpata ukakula chonchi, timu yotsogola imatha kulamula yotsalirayo kuti imenyenso pompo osapuma, zimene zili ngati kukuuza kuti bwera timalizane nawe lero lomwe. India inamenyanso. Amuna awiri, VVS Laxman ndi Rahul Dravid, anakhala pabwalo tsiku lonse lachinayi osatulutsidwa. Laxman anapeza 281, Dravid 180. Tsiku lomaliza mnyamata woponya mpira wopotokola, Harbhajan Singh, anagwetsa a Australia mmodzimmodzi, India n'kupambana ndi ma run 171. M'mbiri yonse ya Test kufika nthawi imeneyo, kanali kachitatu kokha kuti timu yokakamizidwa kumenyanso ipambane.

Tsopano onani pamene Kapoor anaika masewerawa. Ishaan ndi Omi anali atasiya kulankhulana, chifukwa chivomezi chitachitika Ishaan anatengera Asilamu a kwawo kwa Ali ku msasa wa chithandizo wa chipani cha amalume a Omi, ndipo anabwezedwa. Palibe amene anapita kukapepesa. Panalibe nkhoswe. India itapambana, aliyense anangothamanga kukasaka mnzake m'chigulu, n'kukumbatirana. Ife a mpira wa miyendo timazidziwa, Flames ikachinya umakumbatira ndi amene unakangana naye dzulo pa mjigo. Koma filimuyi siikunamizani kuti kiriketi inachiritsa chilichonse. Nkhani ya kumsasa ija sanaikambe. Anangoiphimba ndi chisangalalo monga mmene munthu amaphimbira moto ndi phulusa.

Chachitatu ndi cha pa 27 Febuluwale 2002. Sitima yotchedwa Sabarmati Express, imene inanyamula Ahindu ambiri ochokera ku mzinda wawo wopatulika wa Ayodhya, inapsa bogi imodzi pafupi ndi siteshoni ya Godhra ndipo anthu 59 anafa. Zipolowe zimene zinatsatira m'Gujarat, anthu akunena kuti Asilamu ndi amene anatentha bogiyo, zinapha anthu oposa 1,000 malinga ndi chiwerengero cha boma, ndipo mwa amenewa 790 anali Asilamu, 254 Ahindu. Mabungwe ena amati anafa ndi ochuluka kuposa pamenepa. Nduna yaikulu ya dera la Gujarat panthawiyo anali Narendra Modi, amene pano akutsogolera India yense, ndipo mkangano wa zimene boma lake linachita kapena kulephera kuchita masiku amenewo sunazirale mpaka lero.

Tifike pa funso lanu lenileni. M'buku Ishaan safa. Amene amafa ndi Omi, poteteza Ali kwa amalume ake, Bittu, amene mwana wawo ndiye anapsa m'sitima muja. Ndiye m'buku woipa ndi mkulu wandale wochokera kunja kwa gulu la anyamata, ndipo atatuwo, ngakhale amakangana, onse amaima mbali yabwino. Opanga filimu anatembenuza zimenezi. Anaika makolo a Omi m'sitima. Anapereka mfuti m'manja mwa Omi. Iye akufuna kuombera bambo a Ali, Ishaan n'kulowa pakati.

Ine ndimati apa filimu inaposa buku, ndipo sindikayika. Nkhani ya chiwawa imene wakupha ndi chilombo chochokera kwina imatisiya tili oyera. Timatseka buku tikudziuza kuti ife tikanakhala ngati anyamata aja. Koma zipolowe za pakati pa anthu okhala mumzinda umodzi sizichitidwa ndi alendo okha. Amene amagogoda pachitseko ndi uja munkagula naye masamba pa msika. Omi si munthu wankhanza. Ndi wofatsa, wotsatira, amene mwa atatuwo ndiye amaseka msanga. Taonani njira imene anadutsa. Shopu yawo ya zamasewera anaipeza kudzera mwa Bittu. Ndalama zolowera m'chinyumba chija anakongola kwa Bittu. Chivomezi chitameza ndalamazo, njira yobwezera inali yoti Omi azigwira ntchito za chipani. Anayamba ndi kumata mapepala ndi kunyamula mbendera. Pofika tsiku limene anataya mayi ndi bambo ake, anthu amene anamuzungulira, kumugwira paphewa ndi kumuuza amene wachititsa, anali a chipani aja.

Ndipo musaiwale kuti Bittu ndi ndani kwa iye. Amamutcha Mama, ndipo m'Chihindi mawu amenewa satanthauza mayi, amatanthauza mlongo wa mayi ako. Ndi atsibweni. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti amalume akalankhula mbumba imakhala chete, sitifunika kufotokozeredwa chifukwa chake Omi sanathe kukana. Ndinaona anthu ena olemba za mafilimu akudandaula kuti kusintha kwa Omi kunachitika mofulumira. Ine ndinaona kuti kunayamba tsiku lomwe analandira makiyi a shopu.

Nanga bwanji Ishaan? Chifukwa ndi yekhayo amene analibe malire m'mutu mwake. Ndi wamkwiyo, saganiza za mawa, amatha kutenga ndalama za bizinesi kukathandiza ena osafunsa Govind, ndipo kunena zoona munthu wotere kuchita naye malonda n'kovuta. Koma akaona Ali amaona dzanja lomenya mpira, basi. Amalowa m'dera la Asilamu ngati kwawo. Filimu ikafuna kukuonetsani chimene zipolowe zinapha, iyenera kupha munthu ameneyo. Akanafa Omi tikanati wafa ngwazi, walipira machimo a amalume ake, nkhani yatha bwino. Mmalo mwake Omi akhala moyo, apita kundende, ndipo filimu imayamba ndi Govind akukamutenga pachipata patapita zaka pafupifupi khumi. Ulendo wa pagalimoto uja, anthu awiri osowa chokambirana, ndi umene m'buku mulibe.

Kuionera lero kumawawa kawiri. Sushant Singh Rajput, amene anasewera Ishaan, iyi inali filimu yake yoyamba atachoka ku masewero a pa TV. Mu 2016 anadzasewera ngati MS Dhoni, kaputeni wa timu ya India, ndipo anamwalira ku Mumbai pa 14 Juni 2020 ali ndi zaka 34 zokha.

Sindikufuna muganize kuti ndaitamanda yonse. Pali pamene inazemba. Zipolowe imazionetsa ngati mkwiyo wa anthu ofedwa ndi wandale mmodzi wa m'dera, ndipo funso lakuti apolisi anali kuti, akuluakulu a boma ankatani, silifunsidwa n'komwe. Zimene amayi anachitiridwa masiku amenewo, zomwe zinafika mpaka m'makhoti, mulibemo. Asilamu a m'filimumo, kupatula Ali ndi bambo ake, timangowaona ngati gulu lothawa, ndipo Ali mwiniyo salankhula zambiri, ali ngati mphatso imene Ishaan anatola. Ena ku India anaidzudzula pa zimenezi itangotuluka, ndipo ndikugwirizana nawo. Nkhani ya Vidya, mlongo wa Ishaan amene anakondana mobisa ndi Govind pomwe ankamuphunzitsa masamu, ndi yokoma koma yaifupi, ndipo ikanatha kuchotsedwa theka osaonongeka kanthu.

Za buku, ngati mwalipeza motchipa kapena mwabwereka, werengani. Chingerezi chake n'chosavuta, mwana wa Fomu 3 akhoza kulimaliza pa sabata imodzi. Wofotokoza nkhani ndi Govind, ndipo zolakwa zitatu za pa mutu wa bukulo ndi zake: kuthira ndalama m'chinyumba chija, kukondana ndi mlongo wa mnzake, ndi kuchedwa kamphindi kuti apulumutse Ali, mpaka mwanayo anavulala dzanja. Mulinso ulendo wa ku Australia umene filimu inautaya, ndipo inachita bwino kuutaya chifukwa ndi wovuta kuukhulupirira. Koma musakwere minibasi mpaka ku Blantyre kukalisaka. Poti ndinu mphunzitsi, chimene ndingakonde n'choti ana a kalabu yanu ya zowerenga amve mathero awiriwa, kenako muwafunse kuti ndi ati amene akuwasowetsa tulo. Kungoti muyambe mwaionanso nokha mphindi makumi awiri zomalizira, chifukwa si za ana aang'ono.

Mukamaioneranso, yang'anitsitsani chinthu chimodzi chimene munthu wosadziwa kiriketi amachiphonya. Ali atangoyamba, mipira yonse ankaikokera mbali imodzi, ya kumiyendo kwake, chifukwa ndi kumene mphamvu zake zinali. Ishaan analimbana naye masiku ambiri, mpaka kumukalipira, kuti aphunzire kumenyera mbali inayo, phazi patsogolo, chigongono m'mwamba, mpira uyende pansi. Kumapeto, Omi atakhala pa sitediyamu pafupi ndi Vidya ndi kamwana ka Vidya ndi Govind kamene anakatcha Ishaan, Ali akulowa koyamba atavala yunifolomu ya India kukakumana ndi Australia. Mpira woyamba umene amuponyera, onani mbali imene aumenyera.