Vuto ndi "Chabwino." ujayo, achemwali

Achemwali, mukudabwa chimene chakwiyitsa mnzanu mutayankha uthenga wake pa WhatsApp. Mnzanuyo sanakwiye chifukwa cha mtima wanu ayi, wakwiya ndi "Chabwino." uja wa kadontho kumapeto. Iye walemba mizere 8, inu mwabweza liwu limodzi n'kutseka. Pakamwa, chabwino alipo wamitundumitundu: wovomera, wodandaula, ndi uja wakuti tionana. Khutu limasiyanitsa. Pa foni onsewo amalembedwa chimodzimodzi, ndiye wowerenga amaikamo yekha kamvekedwe, ndipo ngati mtima uli kale m'mwamba amasankha koipitsitsako. Mu 2005 akatswiri ofufuza za maganizo a anthu, Justin Kruger ndi Nicholas Epley, anayesa zimenezi pa imelo. Olemba ankakhulupirira kuti zamveka bwinobwino, koma owerenga posiyanitsa mawu onyogodola ndi mawu enieni ankachita ngati akungolosera.

Ndipo chowawa si mkwiyowo. Ndi paja timizere tiwiri tasanduka buluu, pamwamba pakuonetsa kuti akulemba, kenako zii. Akulembanso, zii. Mphindi 20 zapita, foni ili m'manja. Muwonjeza "ndimangocheza", mwaonjezera moto. Mufuna kukonza uthenga, WhatsApp imalola mphindi 15 zokha, zatha kale. Muufufuta kwa onse, pamatsala chizindikiro choti pafufutidwa uthenga, ndiye tsopano mukuoneka ngati munatukwana. Kukacha mukumva kuti sikirinishoti ili m'gulu lina, yodulidwa pamwamba ndi pansi, pangotsala liwu lanu lija lokha.

Anthu a masikirinishotiwa ndi amene amandinyansa. Munthu sanakufunseni kuti kodi mumatanthauzanji, funso la mawu awiri, koma nthawi yodula chithunzi ndi kutumiza kwa anthu 40 waipeza. Amachotsa dala mizere imene iye anayamba nayo. Ena m'gulumo n'kumaikapo 😂 osadziwa mutu wake. Wotumiza sikirinishotiyo safuna kumvetsa, amafuna mboni.

Komabe zokonza zilipo. Yambani ndi dzina kapena ulemu wake, "Chabwino amayi" ndi "Chabwino." ndi mauthenga awiri osiyana. Uthenga ukakhala wa mawu osapitirira atatu, kadontho kachotseni, chifukwa kutumizako kwasonyeza kale kuti mwamaliza, ndiye kadonthoko kamangomveka ngati chitseko chomenyetsa. Timawu tathu tija tigwiritseni ntchito, ndi timene timanyamula mtima: "zikomotu", "pepanitu", "eetu", "iii", "aaa inu". Kukoka lembo lomaliza, "zikomooo", kumamveka ngati kumwetulira. Ngakhale kuseka kuli ndi muyeso: "kk" ndi kuseka kwa mano okha, "kkkkkk" ndiye kochokera m'mimba. Ndipo musasinthe mwadzidzidzi iwe ndi inu. Munthu amene mumamuti iwe tsiku lililonse mukamulembera kuti inu, amadziwiratu kuti pali mlandu, ngakhale inu mumangofuna ulemu.

Zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi kukalipa, palibe kuchitira mwina. Mukafuna kutsindika liwu, liikeni pakati pa tinyenyezi tiwiri, *chonchi*, lidzatuluka lakuda kwambiri. Madontho atatu kumapeto amamveka ngati pali zina mwabisa. "??" ndi kufunsa mwaukali.

Ma emoji nawo, imodzi kumapeto yakwana. Yang'anitsitsani musanadine, chifukwa 😂 ndi 😭 zonse zili ndi misozi, ndipo pa foni yaing'ono anthu amaika yoseka pa uthenga wa maliro. Kankhope komweko kamajambulidwa mosiyana pa Samsung ndi pa iPhone, kotero zimene mwaona inu si zimene waona iye. 🙂 ambiri amaiwerenga ngati kumwetulira kwa chiphamaso. Ndipo munthu akakhuthula mavuto ake onse, 👍 yokha ndi chipongwe. Bwerezani chinthu chimodzi chimene wanena, adziwe kuti mwawerengadi: "Iii, mpaka usiku wonse osagona? Pepanitu."

Kutalika kwa yankho kuzifanana pang'ono ndi kwa uthenga wake. Ngati muli otanganidwa, nenani choncho: "Ndaona, ndiyankha bwino madzulo." Mawu anayi amenewo amachotsa maola 6 a munthu kudzifunsa kuti walakwanji.

Koma kunena zoona, musadzivutitse kwambiri ndi zonsezi. Ngati mumalemba mwachidule chibadwire, lembani choncho. Mukayamba lero kuthira mitima itatu pa mzere uliwonse, yemweyo adzati mukumunyogodola. Wofuna ndewu amaipeza ngakhale mu "zikomooo". Nkhani ya mnzanuyi isiyeni kulemba. Mujambulireni mawu osapitirira mphindi imodzi, muwamvetsere kaye musanatumize. Kapena ayi, mawu ojambula nawonso amatumizidwa kwa ena. Muimbireni basi, madzulo ano, ndipo liwu loyamba likhale dzina lake.