Kodi chifaniziro chonenepa chogwira nyenga chija ndi cha Buddha?

Mayi wina amene amagwira ntchito m'sitolo ku Johannesburg wandilembera imelo yofunsa za chifaniziro chachikasu chimene abwana ake anachiika pashelefu. Akuti ndi cha munthu wamimba yaikulu, wogwira kanyama konga khoswe, ndipo abwanawo amachithira madzi pamutu m'mawa uliwonse. Akufuna kudziwa ngati ameneyu ndi Buddha woseka uja, komanso ngati zimenezi zikufanana ndi zizimba za anthu okhwimira bizinesi.

Mayi, malinga ndi mmene mwafotokozeramu, ameneyo ndi Jambhala, mulungu wa chuma m'Chibuda, amene anthu a ku Tibet amamutchula kuti Dzambhala. Buddha woseka uja ndi wina: dzina lake ndi Budai, mmonke wa ku China amene anamwalira cha m'ma 916, ndipo amadziwika ndi mutu wampala komanso thumba lansalu, lomwe ndilo tanthauzo la dzinalo. Jambhala amavala chisoti chachifumu, mikanda ndi zibangili, ndipo nkhope yake imaoneka yokwinya pang'ono. Onse awiriwa ndi osiyana ndi Siddhartha Gautama, Buddha mwiniwake, amene anayambitsa Chibuda.

Kanyamako si khoswe, ndi ka mtundu wa nyenga, ndipo mukayandikira mudzaona kuti pakamwa pake pakutuluka timiyala tamtengo wapatali. M'nthano zakale za ku India, chuma cha pansi pa nthaka ndi cha m'madzi chimalonderedwa ndi njoka zotchedwa naga, zimene zimangochifungatira osagawirako wina aliyense. Pajatu nyenga ndi njoka sizimwerana madzi, choncho kanyamako kakagonjetsa njokazo kamatulutsa chuma chimene chinatsekeredwa, Jambhala n'kumakafinya ndi dzanja lamanzere kuti kalavule. Kwa ine, tanthauzo la chifaniziro chonsecho lagona pamenepa, chifukwa amisiri akanatha kuumba kanyama komeza chuma, koma anasankha kolavula. Aphunzitsi a Chibuda amanena kuti mdani amene akugonjetsedwa apa ndi umbombo, ndipo munthu amapempha chuma kuti umphawi usamulepheretse kupemphera, kuthandiza amonke ndi kugawira osowa. M'dzanja lamanja muli chipatso chonga ndimu lalikulu, chodzaza ndi nthangala, chimene chimaimira kuchuluka kwa zinthu.

Jambhala alipo wa mitundu isanu: wachikasu, woyera, wakuda, wobiriwira ndi wofiira. Woyera amakwera chinjoka, pamene wakuda amaima chilili atanyamula chikho cha chibade.

Za madzi aja pali nkhani yake. Amati Devadatta, msuweni wa Buddha amene ankamuchitira nsanje, anamugenda ndi miyala, ndipo a Jambhala anatchinga, miyalayo n'kuwavulaza iwo. Wachikasu ndi woyera anavulala pamutu, wakuda pamimba, n'chifukwa chake wopembedza amaika chifanizirocho m'mbale n'kuthira madzi oyera pang'onopang'ono pamalo ovulalawo, uku akubwereza mawu opatulika otchedwa mantra.

Nanga kodi ndi chizimba? Sindingakane kuti ambiri amagula zifanizirozi ndi mtima wongofuna kuti malonda ayende, ndipo ogulitsa a pa intaneti amakokomeza zimenezo kuti katundu wawo atuluke. Komabe kukhwima kumene timakumva kwathu kuno kumachitika mobisa, kumakhala ndi zoletsa zoopsa, ndipo anthu amati kumapweteka abale. Mwambo wa Jambhala umachitika poyera, zopereka zake ndi madzi, maluwa, lubani ndi nyali, ndipo chiphunzitso chake chimati chuma chimabwera ngati chipatso cha kupatsa.

Popeza mumasesa ndi kupukuta m'sitolomo, dziwani kuti zifaniziro zambiri zamkuwa, monga zimene amisiri a mumzinda wa Patan ku Nepal amaumba, zimakhala ndi mphako mkati. Mmenemo amonke amaikamo timapepala tokulunga ta mapemphero ndi kamtengo koimira moyo, kenako amatseka kunsi n'kuchidalitsa. Choncho musayese kutsegula chitsekerero cha kunsiko, musachiike pansi kapena kusanjikapo katundu, ndipo ngati nkhope yake ndi yopakidwa golide, musaipukute ndi nsalu yonyowa chifukwa utotowo umasuluka msanga. Musanachisunthe n'komwe, yambani mwafunsa abwana anuwo.