Kupita ku Saldanha si vuto, nkhani ili pobwerera

Bambo ena amene amagwira ntchito ku Cape Town atilembera imelo. Abwana awo awaitana kuti akwere nawo boti lamatanga, kunyamuka Loweruka kupita ku Saldanha Bay n'kubwerako Lamlungu. Akufunsa ngati masiku awiriwo akukwana, ndiponso kuti atenge chiyani. Akuti madzi sawaopa poti anakulira ku Nkhotakota.

Achimwene, tiyambe ndi masamu. Kuchokera ku Table Bay, pamene pali doko la Cape Town, kukafika ku Saldanha ndi makilomita pafupifupi 110. Boti wamba lamatanga limayenda makilomita 9 pa ola, ndiye kuti maola 12 zonse zikayenda bwino. Nyamukani mbandakucha kuti mukalowe kukuwala, chifukwa pakhomo pa Saldanha pamadutsa masitima akuluakulu apamadzi onyamula miyala ya chitsulo, ndipo sangakupatukireni.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mphepo imachokera kummwera chakum'mawa. Ndi ija amaitcha Cape Doctor. Popita imakukankhani kumbuyo, ulendo n'kukoma. Lamlungu mphepo yomweyo ili pamphumi panu. Boti silingalunjike kumene mphepo ikuchokera, limayenda mokhotakhota, kulowa pakati pa nyanja n'kubwerera kugombe, motero maola 12 aja amatha kufika 20, mafunde akukuthirani kumaso. Mphepoyo imakulanso masana. Ngati Lolemba mukufunika kuntchito, afunseni abwanawo lero lomwe: ikalimba tidzatani? Odziwa amasiya boti ku Saldanha kapena ku Langebaan, tawuni yapafupi pomwepo, n'kubwerera pagalimoto, kapena amanyamuka usiku mphepo itagona, n'kuyenda ndi injini. Injini yaing'ono ya dizilo imamwa malita 2 kapena 3 pa ola. Dizilo akhale wokwanira ulendo wonse wobwerera, ndi wina wapadera m'chigubu.

Kwa ife, masiku awiri amakwanira bwino Dassen Island, chilumba cha panjira yomweyi, makilomita 65 basi kuchokera ku Cape Town. Mumaponya nangula ku House Bay, kumpoto kwa chilumbacho, kumene mphepo yakummwera sifika ndi mafunde. Ikatembenuka n'kuchokera kumpoto, chokanipo msanga. Kumtunda musatsike, ndi malo otetezedwa a mbalame.

Za ku Nkhotakota zija. Mwera mukuudziwa, koma kuzizira kwa madzi awa simukudziwa. Amachokera pansi pa nyanja chifukwa cha Benguela, mtsinje wa madzi ozizira woyenda m'nyanjamo, ndipo nthawi zambiri amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15, ngakhale m'chilimwe. Munthu akagweramo, mpweya umabanika pomwepo, ndipo pakangopita mphindi zochepa zala zimakana kugwira chingwe. Kudziwa kusambira sikuthandiza kwenikweni. Valani jekete yoyandamitsa nthawi zonse muli pamwamba, lamba wapakati pa miyendo atamangidwa, apo ayi imavuka kudzera kumutu. Usiku dzimangirireni ku boti. Madzi ozizirawa ndi amenenso amabweretsa chifunga, ndipo mumakhala zingwe za misampha ya nkhanu zimene zimakulunga pulopela injini n'kuzima.

M'chikwama chofewa, osati sutikesi, ikani jekete yamvula, juzi ziwiri zosakhala zathonje (thonje likanyowa silifunda), chipewa chaubweya, nsapato zosaterera, ndi tochi yapamutu. Madzi akumwa, malita 3 pa munthu pa tsiku. Mankhwala oletsa kusanza imwani musanakwere, ndipo funsani ku famase chifukwa ena amagonetsa. Mseru ukayamba musatsikire m'kati. Khalani pamwamba, maso kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, ndipo posanza muyang'ane kumene mphepo ikupita.

Musanamasule zingwe, akuonetseni poyatsira wailesi ya VHF ndi tchanelo 16 yoitanira thandizo, komanso mtengo wopingasa wa pansi pa thanga lalikulu, umene amati boom. Boti likamatembenuka umawoloka mwamphamvu pa msinkhu wa mutu wa munthu, ndiye mukamva woyendetsa akufuula, weramani kaye, kufunsa pambuyo.