Mpeni wa agogo wachita dzimbiri, ndiupititse ku Magaba?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mufakose, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pano chifukwa nyumba zambiri za ife a ku Malawi kuno ku Harare zili ndi kampeni ngati kameneka mu sutikesi ya agogo. Akuti agogo awo aamuna adachokera ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, adagwira ntchito m'mapulazi a fodya mpaka kutchona konkuno, ndiye atamwalira katundu pogawana iwo adatenga mpeni wopinda wam'thumba. Pachitsulo padalembedwa Joseph Rodgers, Sheffield. Wachita dzimbiri, ukugwedera, chigwiriro mbali imodzi chidang'aluka. Akufuna aziyenda nawo tsiku ndi tsiku, ndiye akufunsa ngati angaupititse ku Magaba, msika wa amisiri a zitsulo ku Mbare, akaupale pa gilayinda (mwala wamagetsi wonolera) uwale, auyike loko kuti usamapindike wokha, ndi kachitsulo kokolekera pathumba ngati mipeni ya masiku ano.

Achimwene, pepani ndi maliro a agogo, ndipo zikomo kuti mwafunsa musanachite kanthu. Mpeniwo ukonzeni ndithu muzigwiritsa ntchito, koma pa zinthu zitatu mwatchulazo ziwiri ndikukanizani ndi mtima wonse, gilayinda ndi loko.

Ndiyambe ndi loko chifukwa iyi ndi nkhani ya apolisi osati ya luso chabe. Malamulo a dziko lino, mu Criminal Law Code gawo 39, amaletsa kukhala ndi mipeni ya mitundu ina, ndipo pakati pake pali mpeni woti ukautsegula umadzikhoma, osapindika mpaka utadina kabatani kapena kukoka kena kake. N'chifukwa chake mumamva anthu akumangidwa chifukwa chopezeka ndi mpeni wa Okapi, uja wa kamphete kumsana. Wa agogo anuwo ulibe loko, umangogwidwa ndi sipuling'i ya kumsana basi, mukaukankha ndi dzanja umapindika, ndiye inu mukakauyika loko mwausandutsa nokha kukhala mtundu womwe lamulo likukana, ndalama mwalipira, mpeni mwauboola, kenako tsiku lina pa rodibuloko akulandeni chinthu chomwe agogo adayenda nacho zaka zonsezo popanda vuto. Komanso muzimvera zolengeza, nthawi zina apolisi amaika chiletso cha miyezi ingapo choti munthu asayende ndi mipeni, zikwanje, nkhwangwa kapena malegeni m'dera lakutilakuti, nthawi ngati imeneyo usiyeni kunyumba.

Za gilayinda ndikunena zomwe ndidaziona ndi maso anga ndipo mpaka lero zimandiwawa. Malume anga adandisiyira mpeni wofanana ndi wanuwo, ine ndi changu changa ndidapita nawo kwa munthu wina wonola nkhwangwa ndi makasu, iye adaugunditsa pa mwala wamagetsi uja, moto uli thethethe, ndipo mphindi imodzi isanathe kunsonga kudasanduka kobiriwira ngati khosi la nkhunda. Ndidaona ngati kukongola. Koma kuyambira tsiku limenelo mpeni uja sugwiranso kuthwa, ndikanola m'mawa ndikasenda nzimbe imodzi wabuntha. Chomwe chimachitika n'chakuti chitsulo cha mpeni amachiumitsa ku fakitale pochiwotcha n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi, kenako n'kuchitenthetsanso pang'ono cha m'ma digiri 200 kuti chisamathyoke ngati galasi. Gilayinda ikachitenthetsa kufika cha m'ma 300, pomwe mtundu wabuluu uja umaonekera, kuuma kuja kwapita ndipo sikubweranso ndi kunola. Amisiri a ku Magaba ndi akatswiri pa mageti, mbaula, mawilibala, ine ndimagula komweko, koma kampeni kopyapyala ngati aka si ka makina amenewo. Chinanso gilayinda imadya zilembo zija, Joseph Rodgers ndi kachizindikiro ka nyenyezi ndi mtanda, pomwe zimenezo ndiye dzina la mpeniwo.

Ndiye chitani chonchi, Loweruka limodzi masana mutakhala pa khonde zitha. Pezani palafini pang'ono, mswachi wakutha, kansanza, zotokosera m'mano ndi mafuta a makina osokera. Donthezani palafini pomwe mpeni umapindikira, mutsegule n'kutseka kambirimbiri, muona madzi akuda bii akutuluka, ndi fumbi la fodya ndi thukuta la zaka makumi angapo limenelo. Tokosani mkati monse mmene chitsulo chimagona. Chigwiriro chikakhala cha fupa, nyanga kapena mtengo musachiviike m'palafini kapena m'madzi, chimafufuma n'kuwonjeza mng'alu.

Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri ndipo anthu ambiri amasokoneza apa. Lofiira lija, lokhakhala mukalikhudza, ndi lomwe likudya chitsulo, lichoke. Koma kuda kuja kosalala, kotuwira ngati mtambo wa mvula, si matenda ayi. Mipeni yambiri yakale ndi ya chitsulo cha kaboni osati stainless, ngakhale stainless yo idatulukira ku Sheffield komweko mu 1913 ndi Harry Brearley, ndipo chitsulo cha kaboni chimada chikamadula mango, malalanje, anyezi, nyama, kudako kumathandizanso kutchinga dzimbiri lofiira. Kwa ine kuda kumene kuja ndi mango onse omwe agogo adasendera adzukulu, sindingakuchotse. Pakani mafuta, mupale pofiira pokha ndi kawaya kotsukira mapoto kofewa kwambiri, pakakanika sandipepa wa 600 kenako 1000, pang'onopang'ono, zilembo muzizilambalala. Timaenje tomwe dzimbiri lasiya tisiyeni, kuti mutimalize ndiye kuti mwadya theka la mpeni.

Kugwedera kuja nthawi zambiri ndi kamsomali ka pomwe umapindikira kakhwefuka. Ikani mbali imodzi ya kamsomaliko pa chitsulo cholimba, kaya mutu wa hamala ina, mulowetse kapepala kopyapyala pakati pa chitsulo chodulira ndi khoma lake kuti musafinye mopitirira, ndiye mugogode mbali inayo ndi hamala yaing'ono. Kugogoda kwake kwa ngati mukugogoda pachitseko cha apongozi, kawiri katatu, muyese, kawiri katatu, muyesenso. Mukamenya mwamphamvu mpeni uuma osatsegukanso ndipo kubweza n'kovuta. Sipuling'i ikakhala kuti idakali ndi mphamvu mumva kuti thapu potsegula ndi potseka, imeneyo ndiye loko yanu. Ikakhala yothyoka apo pokha ndiye pofunika mmisiri wodziwa mipeni kapena mawotchi.

Kunola, mwala wamba wa mbali ziwiri omwe amagulitsa m'mahadiweya ukwanira. Mafuta kapena madzi pang'ono, mpeni muupendeketse cha m'ma digiri 20, kapena kuti muutukule kumsana pang'ono ngati mukufuna kusenda kachikopa ka mwalawo, mbali iyi kakhumi mbali inayo kakhumi, kuyamba kokhakhala kumalizira kosalala. Pomaliza muupukute pa lamba wachikopa wakale chobwerera m'mbuyo monga ankachitira ometa ndevu. Ukadula pepala la nyuzi osalikwinya wafika. Apa mudzadabwa, zitsulo zakale zija zimanola msanga kuposa timipeni totchipa ta mu tawuni.

Tsopano pachigwiriro ndi pomwe ndingakuloleni kusintha, koma yang'anani kaye. Ngati ndi mng'alu chabe, guluu wa epoxy uja wosakaniza machubu awiri, mumange ndi mphira usiku umodzi, zatha. Ngati chidutswa chidagwa n'kutayika, sinthani mbali yowonongekayo yokha, inayo yomwe idasalala ndi dzanja la agogo ikhale. Pitani kwa akalipentala a ku Glen View mukapemphe kachidutswa ka mlombwa, kuno amati mukwa, kotsala pa mipando, n'kolimba, sikapindika ndi chinyezi ndipo mukakapaka mafuta kamafiira bwino. Mukaseme ndi tupa mpaka kafanane ndi mbali inayo. Mbali ziwiri zosiyana mtundu si chilema, ina ya agogo ina yanu. Chenjezo limodzi, mipeni ina yakale ili ndi chigwiriro cha pulasitiki yakale yotchedwa celluloid, ikayamba kuwola imanyenyeka, imanunkha mowawasa ndipo mpweya wake umadyetsa chitsulo dzimbiri msangamsanga. Mukaona dzimbiri lachuluka mbali yomwe imagona m'chigwiriro, chotsani mbali zonse ziwiri osachedwa, ndipo musachiyandikize ku moto chimayaka koopsa.

Kachitsulo kokolekera pathumba kaja ndikumvetsa chifukwa chake mukukafuna, mpeni umasowa m'thumba pakati pa makiyi ndi makobidi, komanso mu kombi umatha kugwa osaumva. Koma kuti kakhale pamafunika kuboola ndi kumanga masikuluwu pa makoma opyapyala omwe sadapangidwire zimenezo. Njira yabwino, pitani kwa osoka nsapato aliyense wa pa kona akusokereni kachikwama kachikopa kolowa pa lamba kapena kongokhala m'thumba, ntchito ya ola limodzi. Ngati mpeniwo uli kale ndi kamphete kumapeto, mangani kachingwe. Kungoti usamagone m'chikopamo miyezi osautulutsa, chikopa chimasunga chinyezi makamaka nthawi ya dzinja.

Poti mwati muzidulira zipatso ku ntchito, mafuta a makina akhale a popindikira pokha, pachitsulo chodulira muzipaka kadontho ka mafuta ophikira n'kupukuta, ndipo mukadula lalanje kapena tomato mutsuke n'kuumitsa pompo, osati mawa. Musautsegulire zitini, musaumasulire masikuluwu, nsonga za mipeni yambiri ya agogo athu zidathyokera pamenepo. Podula muzigwiritsa ntchito mbali yakuthwa osati kubaya, popeza ulibe loko ungakupindikireni pa zala.

Mudanenanso kuti mukufuna mudzapite nawo ku Ntcheu mukawaonetse abale a agogo. Mukadzakwera ndege pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe muuyike m'chikwama chachikulu chopita pansi, wa m'manja adzakulandani pa sikana. Pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete muukulunge bwino pansi pa sutikesi. Ndipo musanayambe kupala chilichonse ujambuleni mbali zonse ziwiri ndi pa zilembo paja, munditumizireko ndione chigwirirocho ngati ndi fupa kapena nyanga.