Filimu inali itatha kale kujambulidwa, nanga ankaisungiranji?

Achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg andilembera imelo. Mwachidule akufunsa kuti: nthawi ya Covid-19 ija, masinema atatsekedwa, n'chifukwa chiyani makampani a ku Hollywood ankangokhalira kusuntha masiku otulutsira mafilimu awo akuluakulu, chonsecho mafilimuwo anali atatha kale kujambulidwa? Bwanji sanangowaika pa intaneti, poti aliyense anali pakhomo kusowa chochita? Nanga pomaliza anapindula kapena analuza?

Achimwene, nkhani yonse yagona pa mmene ndalama ya filimu imabwerera.

Filimu yaikulu ya ku Hollywood imadya madola 200 miliyoni kapena kuposa apo kuti ijambulidwe. Kuitsatsa padziko lonse kumadyanso ena, kawirikawiri oposa 100 miliyoni. Tsono ndalama imene inu mumapereka pogula tikiti siipita yonse kwa eni filimu. Pafupifupi theka imatsala kwa eni sinema, ndipo ku China kampani yakunja imangolandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukawerengera bwino muona kuti filimu yotereyi ikufunika kugulitsa matikiti a madola pafupifupi 600 miliyoni kapena kuposa, kuti ingobweza mpamba. Ndalama imeneyo siingapezeke mosavuta ngati New York, Los Angeles, London ndi Beijing sanatsegule nthawi imodzi, anthu atadzaza mipando yonse. Ndipo gawo lalikulu limalowa m'masabata oyambirira, pamene zotsatsa zili m'makutu mwa aliyense. Mukaphonya pamenepo, mwayi wachiwiri palibe.

China ndi imene inayamba kutseka, kumapeto kwa January 2020, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano chili pafupi, nthawi imene masinema a kumeneko amadyerapo kwambiri. Eni filimu ya James Bond, No Time to Die, ataona zimenezi sanadikire. Pa 4 March 2020, WHO isanalengeze n'komwe kuti uwu ndi mliri wa dziko lonse, iwo ananena kuti filimuyo situlukanso mu April koma mu November. Ena panthawiyo ankati achita mantha msanga. Pasanathe masabata awiri, AMC ndi Regal, makampani aakulu a masinema ku America, anali atakhoma zitseko.

Bond ameneyu ndiye akuonetsa bwino mtengo wa kudikira. Atachoka pa November 2020 anapita pa April 2021, kenako pa September ndi October 2021. Nyimbo ya mufilimuyo, yoimbidwa ndi Billie Eilish, inatuluka mu February 2020 monga mwa dongosolo loyamba lija, ndipo inafika polandira mphotho ya Grammy mu March 2021 filimu yake anthu asanaione. Tangoganizani: zikwangwani anali atakhoma kale m'misewu, nthawi ya pa TV atagula kale, zonsezo n'kupita pachabe, kuyenera kuyambiranso. Filimu yotha kujambulidwa ili ngati chimanga cha m'nkhokwe. Mutha kuchisunga podikira mtengo wabwino, koma anankafumbwe sakugona, ndipo anankafumbwe a pano anali chiwongoladzanja cha ngongole imene anajambulira filimuyo. Komabe itatuluka inapeza madola pafupifupi 774 miliyoni. Ikanatuluka m'kati mwa 2020, sindikuona kumene ndalama yotere ikanachokera.

Umboni wake ndi Tenet ya Christopher Nolan. Warner Bros. inalimba mtima n'kuitulutsa kumapeto kwa August 2020 m'maiko ena, ku America pa 3 September. Anthu ambiri ankaiona ngati filimu imene ibwezere anthu ku sinema. Koma masinema a mumzinda wa New York ndi a ku Los Angeles anali otsekabe, ndipo kumene anatsegula ankasiya mipando yopanda munthu pakati pa oonera. Ku America ndi Canada inangopeza madola 58 miliyoni, padziko lonse pafupifupi 365 miliyoni, pa filimu imene inadya cha m'ma 200 miliyoni. Makampani ena onse anaonerapo, aliyense n'kubweza filimu yake m'kabati.

Chinanso chimene anthu sachiganizira n'chakuti masiku abwino pachaka ndi ochepa: tchuthi cha pakati pa chaka ku America, ndi nyengo ya Khirisimasi. Mmodzi akasuntha, amakagwera pa tsiku la mnzake, mnzakeyo naye n'kusuntha. Mafilimu a Marvel ndiye zinavutiratu, chifukwa nkhani zake n'zolumikizana. Black Widow itachoka pa May 2020, onse a pambuyo pake anayenera kusuntha nawo. Eni F9, filimu ya Fast & Furious, anangodumpha pafupifupi chaka chathunthu kamodzi n'kamodzi.

Tsopano za intaneti zija mwafunsa. Anayesadi. Universal inatulutsa Trolls World Tour mu April 2020 kuti anthu azibwereka kunyumba pa $19.99, ndipo m'masabata atatu inapeza pafupifupi madola 100 miliyoni. Pamenepa kampani imatenga gawo lalikulu zedi kuposa la ku sinema, ndiye anakondwa nazo. AMC inapsa mtima n'kunena kuti sidzaonetsanso mafilimu a Universal. Pofika July anagwirizana kuti filimu izikhala ku sinema masiku 17 okha isanapite pa intaneti, pamene kale mwambo unali wa masiku pafupifupi 90. Disney inaika Mulan pa pulatifomu yake ya pa intaneti, Disney+, mu September pa $29.99. Mu December, Warner Bros. inalengeza kuti mafilimu ake onse a 2021 azituluka ku sinema ndi pa pulatifomu yake ya HBO Max tsiku limodzi.

Koma onani kusiyana kwake. Filimu ya ana yokhala ndi mtengo wapakatikati itha kudzilipira mwa njira imeneyi. Ya madola 200 miliyoni n'zovuta. Banja la anthu asanu ku sinema limagula matikiti asanu. Kunyumba limalipira kamodzi, aneba n'kubwera kudzaonera nawo. Ndiye pali akuba. Filimu ikangoikidwa pa intaneti, tsiku lomwelo kope yoyera bwino yafalikira paliponse, osati ija yojambulidwa ndi foni mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Ife a kuno sitingadabwe nazo, timadziwa mmene filimu imafikira pa fulashi. Wonder Woman yoyamba ya mu 2017 inapeza madola oposa 820 miliyoni. Yachiwiri, imene inatuluka pa Khirisimasi ya 2020 ku sinema ndi pa HBO Max nthawi imodzi, matikiti ake sanafike ndi 170 miliyoni omwe. N'zoona kuti makampaniwa ankafunanso kukopa anthu kuti alembetse pa mapulatifomu awo, ndipo ena analembetsadi. Koma osewera ndi otsogolera mafilimu, amene malipiro awo ena amadalira matikiti, sanasangalale. Scarlett Johansson anasumira Disney mu July 2021 chifukwa cha Black Widow, imene anasewera n'kutulutsidwa ku sinema ndi pa Disney+ nthawi imodzi, mpaka anakambirana kunja kwa khoti. Nolan anachoka ku Warner Bros. n'kukajambula Oppenheimer ndi Universal.

Ziwerengero za chaka chonse n'zoopsa. Mu 2019 matikiti a padziko lonse anafika madola 42 biliyoni. Mu 2020 anatsika kufika cha m'ma 12 biliyoni. Ku America ndi Canada anachoka pa 11 biliyoni n'kufika pa 2 biliyoni ndi pang'ono, moti China, imene inatsegulanso mu July, inakhala msika waukulu koposa kwa nthawi yoyamba. Filimu imene inapeza zambiri pa onse a chaka chimenecho sinali ya Hollywood, inali katuni ya ku Japan, Demon Slayer: Mugen Train.

Ndiye analuza kapena anapindula? Mmene ndikuonera ine, amene anali ndi filimu yamphamvu komanso thumba lotha kupirira, kudikira kunawalipira. Spider-Man: No Way Home inatuluka ku sinema kokha mu December 2021 n'kupeza madola 1.9 biliyoni. Top Gun: Maverick inasungidwa mpaka May 2022, Tom Cruise akukana zoti ipite pa intaneti, ndipo inatsala pang'ono kufika 1.5 biliyoni.

Amene analipira kudikirako ndi eni masinema ndi antchito awo. Kampani ya mafilimu itha kusunga katundu wake, koma mwini sinema ali ndi lendi, magetsi ndi malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo phindu lake lalikulu lili pa mbuliwuli ndi zakumwa, zimene sizigulika popanda filimu yokopa anthu. Bond atangosunthidwanso kumayambiriro kwa October 2020, patangopita masiku ochepa Cineworld, kampani imene inali mwini wa Regal, inatsekanso masinema 127 ku Britain ndi 536 a Regal ku America, zimene zinakhudza antchito pafupifupi 45,000. Mu September 2022 kampaniyo inakapempha khoti la ku America kuti liiteteze kwa angongole. Kumene muliko, achimwene, munazionanso: kampani ya masinema ya Ster-Kinekor inalowa mu business rescue, ndondomeko yopulumutsa kampani imene ili pafupi kugwa, mu January 2021, ngakhale masinema a ku South Africa anali atatsegulidwanso miyezi ingapo m'mbuyomo. Zitseko zinali zotsegula, koma zoonetsa zatsopano kuchokera ku Hollywood kunalibe.

Masiku 90 aja sanabwererenso ngakhale mliri unadutsa. Makampani ambiri tsopano amapatsa sinema masiku 45 kapena kucheperapo, ndipo oonera anazindikira. Pa filimu yaikulu ya phokoso ndi zophulika amapitabe, koma pa yapakatikati, ya nthabwala kapena ya chikondi, ambiri amangoti tidikira, ibwera pa TV mwezi wamawa.