Anansi amene sanabwere pa maliro a amayi anu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale ku Salima. Amayi awo anamwalira ndi kolera mu Januwale 2023. Mtembo sunalowe m'nyumba. Azaumoyo anaupopera mankhwala, kuukulunga, n'kukaika tsiku lomwelo. Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope, panalibe kugona pa siwa. Chimene chikuwawawa kwambiri n'chakuti anansi amene malemuwo ankawaphikira pa maliro awo kwa zaka zambiri sanaoneke. Mphwawo wa ku yunivesite wawauza kuti awerenge mabuku akale okamba za miliri, ndiye akufunsa kuti: "Mabuku a azungu angandiuze chiyani ine? Kodi munthu ndi woipa chibadwire, mliri umangomuika poyera?"

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo. Ndikuuzeni poyamba kuti mabukuwa sangakutonthozeni ngati mmene achitira amayi a chigwirizano akabwera kudzaimba usiku wonse. Ntchito yawo ndi ina. Amakuonetsani kuti chimene chinachitika pakhomo panu ndicho mliri umayamba kuchita kulikonse kumene wafika: umayamba wagwetsa mwambo wa maliro.

Wakale kwambiri mwa olembawa ndi Thucydides wa ku Greece, amene analemba za mliri umene unagwa mumzinda wa Athens m'chaka cha 430 Yesu asanabadwe. Iye mwini anadwala n'kuchira. Pofotokoza matendawo anatchula kutentha thupi, ludzu losatha ndi zilonda, koma pamene cholembera chake chinalemera ndi pa nkhani ya mitembo. Anthu a kumeneko ankawotcha akufa awo ndi mwambo waukulu. Mliri utakula, munthu ankanyamula m'bale wake n'kukamuponya pa moto umene ena anasonkhera wakufa wawo, kenako n'kuthawa. Patapita zaka zoposa 1,700, Giovanni Boccaccio anaona zofanana ku Florence, Italy, pa mliri wa 1348. M'mawu otsegulira buku lake la Decameron akunena za mchimwene kusiya mphwake, mkazi kusiya mwamuna wake, ngakhale makolo kukana kudwazika ana awo. Akudandaulanso kuti amayi amene kale ankasonkhana kudzalira analeka kubwera, ndipo mtembo unkanyamulidwa ndi aganyu olipidwa. Mukawerenga ndime imeneyo mudzaona anansi anu aja.

Tsono kodi zikutanthauza kuti munthu ndi woipa? Thucydides yemweyo akutipatsa mbali ina imene anthu ambiri amaidumpha. Akuti analipo ena amene manyazi sanawalole kusiya anzawo akudwala okha, ndipo ambiri mwa amenewa anatenga matendawo n'kufa. Akutinso amene ankachitira chifundo odwala koposa ndi aja anadwalapo n'kuchira, chifukwa ululu ankaudziwa komanso sankaopanso kuti matendawo awapha. Apa ine ndimaonapo kuti chimene chimasiyanitsa wobwera ndi wosabwera nthawi zambiri ndi kukula kwa mantha, osati kukula kwa chikondi. Kumbukirani mmene zinthu zinalili m'mbali mwa nyanja nthawi imeneyo. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unali utafika m'madoko a Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, ndipo pa 5 Disembala Pulezidenti Chakwera anali ataulengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo m'dziko lonse. Munthu ankadzuka bwinobwino m'mawa, pofika mawa lake kulibe. Azaumoyo ankaletsa kuphika chakudya pa maliro, ndipo ankanena zoona, chifukwa kolera amayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala.

Komabe sindikuwachotsera mlandu wonse anansiwo. Maliro n'kulirana. Kukhala panja pa mkeka sikupatsa munthu kolera, ndipo patatha sabata ziwiri kapena mwezi palibe chimene chikanawaletsa kubwera ndi kambale ka ufa kapena mtolo wa nkhuni kudzapepesa. Ngati sanabwere ngakhale pamenepo, kudandaula kwanu n'komveka. Mwina manyazi a kusabwera koyamba ndiwo anawatsekera njira yachiwiri, koma zimenezo ndi iwo oti akuuzeni, osati ine.

Pali chinthu china chimene mantha amabala, ndipo amene anachilemba bwino ndi Alessandro Manzoni. Iye analemba za mliri wa ku Milan wa 1630, pamene mphekesera inafala yakuti pali anthu amene akupaka mafuta a poizoni pa makoma ndi pa zitseko kuti afalitse matenda. Amuna awiri, Guglielmo Piazza amene ankagwira ntchito ya zaumoyo ndi Gian Giacomo Mora wometa tsitsi, anagwidwa, kuzunzidwa mpaka kuvomera zimene sanachite, n'kuphedwa. Nyumba ya Mora anaigwetsa n'kuimikapo chipilala chomunyoza. Manzoni sanaloze chala chigulu cha anthu chokha. Analoza oweruza ophunzira amene akanatha kuona kuti mlanduwo ndi wabodza koma anasankha kukondweretsa anthu okwiya. Ife sitingawaseke a ku Milan. Mu 2017 anthu anaphedwa m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo nthawi ya kolera tonse tinamva manong'onong'o akuti azaumoyo ndiwo akubweretsa matenda. Zindikirani kuti woganiziridwa nthawi zambiri ndi amene ali pafupi ndi odwala. Mtima wa munthu umavutika kuvomera kuti amayi ake aphedwa ndi kachilombo kosaoneka ka m'chitsime. Umafuna nkhope yoti uikwiyire.

Daniel Defoe ndimudutsa mwachangu, ngakhale buku lake la 1722 lonena za mliri wa ku London wa 1665 ndi lodzaza. Olemera anakwera ngolo n'kuthawira kumidzi. Osauka anatsala, ndipo chifukwa cha njala ndiwo anavomera ntchito zoopsa zodwazika odwala, kulondera nyumba zotsekedwa ndi kunyamula mitembo. Ogulitsa mankhwala abodza ndi zithumwa anapha makwacha. Amene akukumbukira chinamtindi cha anthu chimene chinakhamukira kwa Billy Chisupe ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape wa Edzi, kapena ndalama za Covid-19 zokwana K6.2 biliyoni zimene zinavuta kulongosola mu 2021, sadzafuna womumasulira.

Buku limene ndikuganiza kuti likuyankhani mwachindunji ndi la Albert Camus la 1947, La Peste, limene pa Chingerezi amalitcha The Plague. Nkhani yake ndi yopeka, yochitikira mumzinda wa Oran ku Algeria. Muli wansembe, Bambo Paneloux, amene pa ulaliki wake woyamba akuuza anthu kuti mliriwo ndi chilango choyenera machimo awo. Kenako akuimirira pambali pa bedi la kamnyamata, mwana wa woweruza milandu, n'kukaona kakuphupha mpaka kufa. Pa ulaliki wachiwiri sakunenanso kuti "inu", akuti "ife". Ine ndamvapo maulaliki a mtundu woyamba uja pa maliro a Edzi kuno ku Nkhotakota zaka zija ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, anamfedwa ali chogwada pansi. Mlaliki aliyense akanawerengako mutu umenewo.

Camus akukambanso za kuwerenga akufa, ndipo apa ndi pamene akukhudza imfa mwa njira imene ena aja sanafikepo. Ku Oran chiwerengero chinkalengezedwa pa wailesi, ndipo anthu anafika pochizolowera. Maliro anayamba kufupikitsidwa, achibale kuletsedwa, mpaka mitembo kumaikidwa m'dzenje limodzi. Nafenso tinkamva tsiku ndi tsiku kuti lero amwalira angati, ndipo pomaliza anatiuza kuti kolera uja anadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700. Amayi anu ali m'kati mwa nambala imeneyo, koma nambala sidziwa kuti ankakonda nyimbo iti kapena ankathira mchere wochuluka bwanji mu usipa. Mwambo wa maliro ndiwo umamutulutsa munthu mu nambala: wina aimirire atchule dzina, mbiri, ana ndi zidzukulu. Chimene munalandidwa ndi chimenecho, n'chifukwa chake bala silikupola.

Pa funso lanu la chibadwa, wofotokoza nkhani wa Camus, dokotala Rieux, akuti zosiririka mwa anthu n'zambiri kuposa zonyozeka. Ngwazi zake si anthu otchuka: kalaliki wokalamba wolemba ziwerengero madzulo akaweruka, ndi mtolankhani amene anapeza njira yozembera koma anasankha kutsala n'kuthandiza. Ine ndimagwirizana naye theka. Ndikuganiza kuti onse awiri, wothawa ndi wotsala, amakhala mwa munthu mmodzi, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene anavala magolovesi n'kunyamula amayi anu mwina nayenso analephera kupita pa maliro a mnansi wake sabata yomweyo.

Ngati mukufuna kuwerenga, yambani ndi Camus, kenako masamba oyamba okha a Boccaccio, poti nthano 100 zotsatirazo zambiri n'zoseketsa ndi zachikondi, si za nthawi ino. Defoe ndi Boccaccio amapezeka ulere pa intaneti pa Project Gutenberg, mphwanuyo akhoza kukuikirani mufoni. Ndipo ngati simunamange chiliza, kambiranani ndi akuluakulu a banja ndi a mpingo kuti tsiku lovundukula likhale ndi zonse zimene zinasowa mu Januwale uja: nyimbo, mbiri ya malemu, nsima. Anansi aja muwatumizire uthenga ngati wina aliyense.